Musanabweretse Galu Pakhomo, Yambani Mwayang'ana Nyumba Yanu

Galu woyamba amene ndinagula ndi ndalama zanga anakhala pakhomo pathu masiku 6 okha. Ndinamugula m'mbali mwa msewu kwa mnyamata wina amene ankatukula tiagalu tiwiri m'mwamba, kena dzanja ili kena dzanja ilo, kuti odutsa pa galimoto atione. Kamene ndinasankha kanali kaubweya wambiri, kakukamwa kwakuda, ndipo mnyamatayo analumbira kuti kanali German Shepherd weniweni. Sindinafunse kumene kunali mayi wake, sindinafunse za katemera, ndipo ngakhale tsiku limene kanabadwa sindinalidziwe. Usiku wachitatu kanayamba kusanza, kutacha kanatsekula m'mimba mwa magazi, ndipo pamene ndinkafika nako kwa dokotala wa ziweto n'kuti katafookeratu, kosatha ngakhale kudzutsa mutu. Dokotalayo anati anali matenda a parvo, omwe amapha kwambiri ana agalu osabayidwa katemera, ndipo anandichenjeza kuti kachilombo kake kamakhala m'dothi kwa miyezi yambiri, choncho ndisafulumire kubweretsa kagalu kena pamalopo. Ndinakakwirira kuseri kwa nyumba ana anga akulira.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo ine ndinasankhadi ndi maso okha. Komabe ngakhale kagaluko kakanachira, ndikanavutika nako, chifukwa pa nthawiyo ndinkakhala nyumba ya lendi yopanda mpanda, ndinkachoka m'mamawa n'kubwerera kutada, ndipo malipiro anga sakanakwanitsa kudyetsa galu wolemera makilogalamu oposa 30. Kuchokera nthawi imeneyo ndawetapo agalu ena, ndipo ndaona agalu a abale ndi a anansi, ena akukalamba mwamtendere pakhonde, ena akuwondera pa tcheni. Chimene ndaphunzira n'chakuti kusankha galu kumayambira pa mpanda wanu, pa mphika wanu, pa maola amene mumakhala pakhomo ndi pa ana amene amasewera pabwalo lanu. Dzina la mtundu wa galu limabwera pambuyo pa zonsezi. Kumbukiraninso kuti galu wosamalidwa bwino amakhala zaka 10 mpaka 13, ndipo ang'onoang'ono ena amafika zaka 15, kutanthauza kuti mwana amene ali Sitandade 1 lero angathe kudzalemba mayeso a Fomu 4 galuyo akadali moyo.

Ntchito imene mukumufunira

Khalani pansi ndi a m'banja mwanu ndipo mugwirizane chimene mukufunira galuyo. Kwathu kuno ambiri timafuna galu chifukwa cha akuba, ena amafuna wowaperekeza kumunda kuti azithamangitsa anyani ndi apusi chimanga chikayamba kukhwima, ena amafuna wosewera ndi ana, ndipo alipo agogo amene ana awo onse anapita kutauni, omwe akungofuna chamoyo chowalandira akamachokera kuchigayo kapena kumapemphero. Ntchito zimenezi sizingagwiridwe bwino ndi galu wa mtundu umodzi, ndipo ngati bambo akuganiza za chitetezo pamene ana akuyembekezera mnzawo wosewera naye, ndi bwino kusiyana maganizoko kuonekere galu asanafike.

Mawu amene ndimamva kawirikawiri ndi akuti, "Ndikufuna galu wolusa." Pamenepa ndikupemphani kuti muganize mofatsa. Chimene wakuba amaopa kwenikweni ndi phokoso limene limadzutsa eni nyumba ndi anansi iye asanathyole chitseko, choncho galu watcheru, amene amauwa pa nthawi yake ndipo amasiya mukamuletsa, amateteza nyumba mokwanira. Akuba odziwa ntchito yawo amaponyera galu nyama yothira poizoni, ndipo galu wamkulu amene amagona kutali kugeti yekhayekha amaphedwa mosavuta kusiyana ndi kagalu kamene kamagona pafupi ndi chitseko cha kukhitchini. Pali chizolowezi china chimene ndimadana nacho kwambiri, chotsekera galu m'kakhola ka mdima tsiku lonse, kumumenya, kapena kumudyetsa tsabola ndi chamba kuti akhale waukali. Galu wotere amasanduka wamantha, ndipo galu wamantha amaluma amene ali pafupi, kaya ndi mwana wa mwini nyumba, mtsikana wantchito, kapena munthu amene wabwera kudzawerenga mita ya madzi. Mukatero mwaweta mlandu pakhomo panu.

Mukadziwa ntchito yake, tulukani panja ndi kuyendera malo anu monga mmene galu angawayendere. Onani ngati mpanda uli ndi mpata pansi pa geti, ngati pali mulu wa njerwa kapena nkhuni pafupi ndi khoma pamene galu angakwerepo n'kudumpha, ndiponso ngati pali mthunzi wokhalitsa masana onse. Mpanda wa udzu kapena wa bango umabisa maso a anthu koma suletsa galu amene watsimikiza kutuluka. Ngati mumakhala nyumba ya lendi, funsani alandilodi musanatenge galu, ndipo ganizirani kuti tsiku lina mudzasamuka. Agalu ambiri amene amayendayenda m'misika anasiyidwa ndi anthu amene nyumba yawo yatsopano sinalole chiweto. M'malo othithikana monga Ndirande, Kawale kapena Chibavi, kumene mabanja angapo amagawana bwalo limodzi, mpopi umodzi ndi chingwe chimodzi choyanikapo zovala, galu wamkulu sayenera, ngakhale mutamukonda chotani. Anansi ena amaopa agalu, ena chipembedzo chawo sichiwalola kukhudzidwa ndi malovu a galu, ndipo kuwalemekeza ndi gawo la kuweta bwino. Kumudzi malo ndi otakasuka, koma kuli nkhuku ndi ana ambuzi a eni ake, ndipo galu amene wazolowera kugwira nkhuku amafikitsa mbuye wake kubwalo la amfumu.

Ambiri amaganiza kuti tcheni chithetsa vuto la mpanda. Ndinaonapo galu wofiirira womangidwa pa mtengo wa mango ndi tcheni chosaposa mita imodzi. Anali atapondaponda pansi mpaka kupanga bwalo lozungulira lopanda udzu, khosi lake linali litanyuka, ntchentche zitadya nsonga za makutu ake, ndipo chigubu chodula chimene ankamweramo madzi chinali chitagudubuzika kumene sakanatha kuchifikira. Eni ake sanali anthu oipa mtima, kungoti anatenga galu asanakonze malo. Ngati n'kofunikadi kumumanga kwa maola ena, kokani waya wautali pakati pa mitengo iwiri kuti tchenicho chiziyenda pa wayayo, pakhale mthunzi ndi madzi, ndipo muzimumasula m'mawa ndi madzulo kuti athamange. Ngati ngakhale zimenezi sizingatheke, dikirani kaye mpaka zinthu zitasintha.

Funsaninso kuti ndani amakhala pakhomo masana. Nthawi zambiri wogula galu ndi bambo, koma womudyetsa, kumusambitsa ndi kumuletsa akathamangira mlendo amakhala mayi, wantchito kapena mwana wa sukulu. Galu woyenera ndi amene munthu wokhala pakhomoyo angathe kumulamulira popanda mantha.

Nkhani ya chakudya ndiyo imagwetsa anthu ambiri. Madeya ophika okha amadzaza mimba koma samanga thupi, ndipo kagalu koleredwa ndi madeya okha kamakula ndi miyendo yopindika, ubweya wosalimba ndi thupi losachedwa kugwidwa ndi matenda. Nsima ya mgaiwa kapena phala lolimba ndi maziko abwino ngati mukusakanizamo usipa, bonya, matemba, mazira, zam'kati za nkhuku kapena za ng'ombe zophika, ndi masamba pang'ono. Kagalu kakang'ono kamafuna kudya katatu kapena kanayi pa tsiku, pamene galu wamkulu amadya kawiri. Ndiwo zotsala muzizipereka mosamala, popeza anyezi amawononga magazi a galu, tsabola ndi mchere wambiri sizimuyanja, ndipo mafupa a nkhuku ophika amasweka n'kukhala osongoka moti angathe kumubaya pakhosi kapena m'matumbo. Chokoleti ndi mphesa n'zoopsa kwa galu, ndipo ana aziuzidwa zimenezi. Amene mukufuna kugula chakudya cha m'matumba cha m'sitolo, dziwani kuti German Shepherd wamkulu amadya pafupifupi theka la kilogalamu pa tsiku, choncho thumba la makilogalamu 20 limatha isanakwane miyezi iwiri, ndipo Boerboel amalimaliza msanga kuposa pamenepo. Powerengetsera ndalamazi musatenge mwezi umene m'thumba muli bwino. Tengani Januwale, pamene fizi ya ana yalipiridwa, chimanga chakwera mtengo ndipo ufa m'nyumba ukuyezedwa. Galu amene mungathe kumudyetsa mokwanira mwezi umenewo ndiye wa msinkhu wanu. Onjezerani pamenepo mankhwala a njoka za m'mimba, a nkhupakupa ndi utitiri, katemera wa chaka ndi chaka, ndi ndalama yapadera ya tsiku limene adzadwale usiku.

Nyengo ya kwanu nayonso ili ndi mawu pa nkhaniyi. Galu satuluka thukuta pathupi ngati munthu. Amadziziziritsa potulutsa lilime ndi kupuma wefuwefu. Ku Nsanje, Chikwawa, Mangochi, Salima kapena Karonga, kutentha kwa Okutobala kumazunza agalu aubweya wambiri monga Husky, amene kwawo ndi ku Siberia, komanso agalu amphuno yophwatalala monga Pug ndi Bulldog, omwe amavutika kupuma ngakhale kusanatenthe kwambiri. Ku Dedza, Mzuzu kapena kumapiri a Zomba ndi Mulanje, galu waubweya wautali amapezako bwino, ngakhale nkhupakupa zimabisala mosavuta mu ubweya wotero. Kulikonse kumene muli, galu wa makilogalamu 30 amamwa madzi pafupifupi malita awiri pa tsiku, ndipo kukatentha amamwa oposa pamenepo.

Mitundu imene imapezeka kwathu kuno

Ndiyambe ndi galu wachikuda, amene ambiri timamunyoza chifukwa timamuona tsiku ndi tsiku. Ndi galu wa thupi lapakati, waubweya waufupi, wamiyendo yaitali ndi kukamwa kosongoka, ndipo kawirikawiri mchira wake umapindikira m'mwamba. Wakhala ndi anthu a kum'mwera kwa Africa kwa zaka mazana ambiri, ndipo ku South Africa anamupatsa dzina lakuti Africanis. Sanasankhidwe ndi anthu ofuna maonekedwe. Dzuwa, njala, nkhupakupa ndi maulendo ataliatali ndizo zinasiya olimba okhaokha. Chifukwa cha zimenezi amapirira kutentha, sadya kwambiri, ndipo sakonda kudwala matenda obadwa nawo amene amavutitsa mitundu ina. Ndi watcheru usiku, amadziwa aliyense wa pakhomo, ndipo akakulira pamodzi ndi nkhuku ndi mbuzi amaziona ngati za kwawo. Galu wowonda wamphere amene timamuona akutola zotaya kumsika ndi galu wosadyetsedwa, ndipo yemweyo mutamudyetsa, kumupatsa mankhwala a njoka ndi kumusambitsa, pakatha miyezi itatu alendo adzayamba kukufunsani kuti ndi mtundu wanji. Zofooka zake ziliponso: amakonda kuyenda ndi kusaka, amadumpha mipanda yaifupi, ndipo sachedwa kukayikira mlendo. Kulimba kwake sikumuteteza ku chiwewe kapena parvo, choncho katemera amafunika chimodzimodzi. Kwa banja la ndalama zochepa, kwa woweta koyamba, ndi kwa aliyense wokhala kutali ndi dokotala wa ziweto, ine ndimalangiza galu ameneyu poyamba.

German Shepherd, amene mtundu wake unakhazikitsidwa ku Germany mu 1899 ndi Max von Stephanitz monga galu woweta nkhosa, ndi wanzeru kwambiri ndipo amaphunzira msanga, n'chifukwa chake apolisi m'mayiko ambiri amamugwiritsa ntchito. Nzeruzo zimafuna ntchito, ndipo akangosiyidwa pabwalo popanda womuyendetsa kapena kumuphunzitsa amayamba kukumba maluwa, kung'amba zovala pa chingwe ndi kuuwa usiku wonse. Mtunduwu umavutikanso ndi matenda a m'chiuno obadwa nawo, choncho pokasankha muone mmene makolo ake akuyendera, makamaka miyendo yakumbuyo.

Boerboel anachokera m'mafamu a ku South Africa, ndipo wamwamuna amatha kupitirira makilogalamu 60. Rottweiler, amene dzina lake linachokera ku tauni ya Rottweil ku Germany kumene ankakusa ng'ombe, amafika makilogalamu 50. Agalu amenewa amakonda banja lawo ndipo amalondera mwamphamvu, koma amafuna mpanda wa njerwa wolimba, geti losatseguka mwangozi, chakudya chochuluka ndi munthu amene anawetapo kale galu, wodziwa kuphunzitsa mosamenya kuyambira ali aang'ono. Kulakwitsa kwa kagalu kakang'ono kumathera pa bala, koma kulakwitsa kwa galu wolemera ngati thumba la chimanga kungachotse moyo wa mwana. Zomwezi ndinganene za Pit Bull, amene achinyamata ambiri amamufuna chifukwa cha mbiri yake. Pakhomo pamene ana a anansi amalowa ndi kutuluka momasuka, mitundu imeneyi musaiganizire n'komwe.

Rhodesian Ridgeback ndi wa kufupi ndi kwathu, popeza malamulo a maonekedwe a mtundu wake analembedwa ku Bulawayo mu 1922, ndipo amadziwika ndi mzere wa ubweya wa pamsana umene umamera moyang'ana kumutu. Kutentha sikumuvutitsa kwambiri, sauwa pachabe, koma amafuna malo aakulu othamangamo. Labrador ndi wofatsa ndipo amapirira ana, ngakhale amakonda kudya mpaka kunenepa mopitirira, ndipo mlendo amamulandira ndi mchira. Pa agalu ang'onoang'ono, Jack Russell, amene ku England ankasakira nkhandwe, ali ndi mphamvu zoposa thupi lake: amatha makoswe m'nkhokwe, koma amakumba pansi pa mpanda, amalimbana ndi njoka, ndipo anapiye sakhala pa mtendere. Tiagalu toyera taubweya wautali ta mtundu wa Maltese ndi tabwino m'nyumba ndipo timauwa msanga kukamveka mtswatswa panja, koma timafuna kupesedwa pafupipafupi, apo ayi ubweya umamangana ndi njere za chisoso mpaka kufuna lumo, ndiponso mwana wamng'ono angathe kutithyola mwendo potinyamula. Agalu osakanikirana mitundu nthawi zambiri amakhala abwino ndithu, kungoti kukula kwawo simungakudziwe pokhapokha mutaona makolo onse awiri.

Pa nkhani ya wamwamuna kapena wamkazi, kusiyana kwa khalidwe si kwakukulu monga anthu amanenera. Wamkazi amafika pa nyengo yofuna amuna pafupifupi kawiri pa chaka, kuyambira ali ndi miyezi 6 kapena kupitirirapo, ndipo kwa milungu itatu agalu a dera lonse amasonkhana pageti panu. Bere lake limatenga masiku 63, ndipo ana 6 kapena oposerapo akabadwa mudzafunika kuwapezera makomo. Wamwamuna amathawa kukafuna akazi, amabwera ndi mabala a ndewu, ndipo kumeneko n'kumene amatenga chiwewe komanso chotupa china cha kumaliseche chimene agalu amapatsirana pokwerana. Kuthena wamwamuna ndi kutseketsa wamkazi kumachepetsa mavuto amenewa, ndipo sikuchotsa utcheru wa galu pa ntchito yolondera. Ntchitoyi ichitidwe ndi dokotala wa ziweto galu atagonekedwa ndi mankhwala, osati ndi lumo kapena mphira kuseri kwa nyumba.

Musaiwale kuti mungathe kutenga galu wamkulu kale. Kagalu kakang'ono kamafuna munthu wokhala nako pafupi kwa miyezi ingapo, kamatafuna nsapato ndi mawaya, ndipo sikayamba kulondera mpaka katayandikira chaka. Galu wamkulu khalidwe lake ndi kukula kwake zimaoneka kale. Mabungwe osamalira nyama monga LSPCA ku Lilongwe ndi BSPCA ku Blantyre amasunga agalu osowa eni ndi kuwapezera makomo atsopano atawapima ndi kuwabaya katemera, ndipo ogwira ntchito kumeneko angakuuzeni galu amene amagwirizana ndi ana kapena amene amathamangitsa nkhuku. Kwa agogo okhala okha, galu wofatsa wa zaka zitatu kapena zinayi ndi woyenera kuposa kagalu kodumphadumpha kamene kangawagwetse.

Tsiku lokasankha

Pitani kunyumba kumene kagaluko kanabadwira, ndipo musalole kuti mukumanirane pamsewu kapena pamalo okwerera basi. Pemphani kuona mayi wake, popeza khalidwe ndi thanzi la mayi zimakuuzani zambiri za mwana. Ngati mayiyo ndi wowonda, wamantha, kapena sakulola ngakhale mbuye wake kumuyandikira, bwererani. Kagalu kasachoke kwa mayi wake kasanakwane milungu 8, chifukwa m'milungu imeneyi kamapeza chitetezo kuchokera mu mkaka ndiponso kamaphunzira kwa abale ake kuti kuluma mwamphamvu kumathetsa masewera. Tambiri timene timagulitsidwa m'misewu timakhala titachotsedwa msanga, titakhala padzuwa tsiku lonse popanda madzi, ndipo kugula kamodzi chifukwa cha chisoni kumangolimbikitsa wogulitsayo kubweretsa tina mawa.

Mukafika, khalani chonjuta patali pang'ono ndi kuombera m'manja mofatsa. Kamene kakubwera kudzakununkhizani, mchira ukugwedezeka, kenako n'kubwerera kukasewera ndi anzake, ndiko koyenera banja. Kamene kakubisala pakona n'kumanjenjemera kadzafuna munthu wodziwa kwambiri, ndipo kamene kakupondereza anzake onse n'kumakulumani mosalekeza kadzavuta m'nyumba ya ana aang'ono. Kenako kanyamuleni ndi manja awiri. Maso akhale owala opanda manthongo, mphuno isatuluke mamina, ndipo mukatukula mlomo nkhama zikhale zofiirira bwino, chifukwa nkhama zotuwa zimasonyeza kuchepa kwa magazi kobwera ndi njoka za m'mimba, utitiri kapena matenda a nkhupakupa. Mimba yotupa pa thupi lowonda ndi chizindikiro cha njoka. Yendetsani zala mu ubweya kufunafuna zigamba za mphere ndi timatuza tokhala ndi kabowo pakati, momwe mumakhala mphutsi zimene zimavuta kwambiri nyengo ya mvula, ndipo yang'anani pansi pa mchira ngati pali zizindikiro za kutsekula m'mimba. Wogulitsa akanena kuti kanabayidwa kale, pemphani khadi la katemera lokhala ndi tsiku, dzina la katemerayo ndi siginecha ya wobaya. Akafuna kukadula makutu kapena mchira kuti kazioneka koopsa, kanani, popeza kumeneko n'kupweteka nyama popanda phindu lililonse.

Nkhani ya chiwewe ndiyenera kuikhalira pang'ono, chifukwa imakhudza moyo wa ana athu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri a iwo mu Africa ndi Asia, kuti pafupifupi onsewo amawatenga kwa agalu, ndiponso kuti anthu 4 mwa 10 alionse olumidwa ndi nyama zoganiziridwa kuti zili ndi chiwewe ndi ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka mwa munthu, kuchira kumakhala pafupifupi kosatheka. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies linayamba ntchito yobaya agalu katemera wa chiwewe mumzinda wa Blantyre, ndipo m'chaka choyambacho linabaya agalu oposa 35,000, cholinga chake chili chakuti agalu 70 mwa 100 alionse abayidwe, chifukwa pamenepo matendawa amalephera kufalikira. Kagalu kotola panjira kapena kogula kwa munthu wosadziwika kangathe kukhala ndi kachilomboka kakuoneka bwinobwino, ndipo ana ndi amene amayamba kukakumbatira. Galu wanu abayidwe katemera wa chiwewe akakwanitsa miyezi itatu, ndipo muzibwereza chaka ndi chaka, kaya kwa dokotala wa ziweto, kwa alangizi a ziweto a boma a m'dera lanu, kapena pa nthawi imene katemerayu akuperekedwa kwa onse. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo osadikira kuona ngati galuyo adwale.

Galu asanafike, konzani pogona pouma ndi pamthunzi, mbale ziwiri zosagudubuzika, ndipo tsekani mipata ya mumpanda. Chotsani mankhwala a makoswe ndi a mbewu pamene angawafikire. Gwirizanani za amene azimudyetsa ndi nthawi yake, ndipo muwauze ana momveka bwino kuti galu sasokonezedwa akamadya kapena akagona, sakokedwa mchira, ndipo sakwerapo ngati bulu. Mwana wosakwana zaka 5 asasiyidwe yekha ndi galu aliyense, ngakhale wofatsa chotani. M'sabata yoyamba pitani nako kagaluko kwa dokotala wa ziweto kuti kalandire mankhwala a njoka ndi katemera woyamba wa parvo ndi matenda ena, amene amayamba pa milungu 6 mpaka 8 ndi kubwerezedwa pakapita milungu itatu kapena inayi. Mpaka katemerayo atatha, kasatuluke kunja kwa mpanda, koma m'kati mwa mpandamo kazolowereni ndi zonse zimene kadzakhale nazo moyo wake wonse, monga nkhuku, mbuzi, njinga, ana a anansi ndi alendo obwera mwamtendere, chifukwa zimene kagalu kazolowera kasanakwane miyezi itatu sikadzaziopa kakakula. Khadi la katemera lisungeni pamodzi ndi mabuku a kuchipatala a ana anu, popeza tsiku limene galuyo adzakande mwana wa mnansi posewera, khadilo ndilo lidzayambe kufunsidwa.